Mafunso a Owerenga: Kugona m'Galimoto ku Chigwa cha Luangwa Dzuwa Likuswa Mtengo

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera m'maboma osiyanasiyana a chigawo chathu cha kum'mawa kwa Zambia, koma onse akudandaula chinthu chimodzi, chomwe ndi kutentha. Olemba ake ndi anthu amene ali ndi galimoto zogonamo, kaya kalavani yokoka, kaya minibasi imene anaichotsa mipando n'kuikamo bedi, ndipo akufuna kudziwa momwe angapezere tulo ndi mpumulo m'chilimwe.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Mwana wanga wachisamba anagula Toyota Hiace yakale, nachotsamo mipando ya kumbuyo, n'kuikamo bedi, kabati ndi kasitovu ka gasi. Akufuna kutitenga ine ndi amayi ake kuti tikaone nyama ku Mfuwe m'mwezi wa Okutobala, ndipo akuti tizikagona m'galimoto momwemo masiku anayi. Ndinabadwira kuno koma kuchigwa sindinapondeko. Anzanga akundiopseza kuti tikapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Kodi n'zoona, nanga tingatani? (Mphunzitsi wopuma, Kapata, Chipata)

YANKHO: Bambo, anzanuwo akokomeza pang'ono chabe. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, koma paulendo waufupiwo munthu amatsika kwambiri, chifukwa Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Mfuwe ali pamamita oposa 500 pang'ono. Mpweya umawonjezera kutentha ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu watsika, ndipo chigwacho ndi chotsekeka, chokhala ndi mapiri a Muchinga kumadzulo kwake. N'chifukwa chake mu Okutobala, mvula isanagwe, si zachilendo kuti masana kutentha kufike madigiri 40 ngakhale kupitirira. Komabe mwana wanu sanasankhe mweziwo mwachisawawa. Ndi nthawi imene madambo aphwa, udzu wauma, ndipo nyama zimasonkhana m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kotero kuti amene wapirira kutentha amaona zambiri m'paki ya South Luangwa, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050.

Chinthu choyamba chimene ndikupemphani kuti muchivomereze ndi chakuti galimotoyo ndi nyumba ya malata yopanda siling'i, ndiponso yaing'ono kuposa nyumba ina iliyonse imene munagonamo. Mukudziwa kusiyana kwa nyumba yotero ndi yofolera ndi udzu masana a chilimwe. Choncho galimoto ikhale chipinda chogona usiku basi, ndipo masana onse muzikhala panja pamthunzi, monga momwe akuluakulu a kumudzi amasiyira nyumba n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Anthu ambiri amene amabwerako akudandaula ndi aja amene anayesa kupumula masana m'kati mwa chitsulo.

Chachiwiri ndi malo oimikapo galimoto, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa mthunzi wa kuchigwa suli wofanana wonse. Mtengo wa msikidzi uli ndi masamba obiriwira chaka chonse ndipo mthunzi wake ndi wochindikala. Mchenja ndi bwemba nayonso ndi yabwino. Tsanya, umene ena amautcha mopane, musaudalire, pakuti m'chilimwe umayoyola masamba, ndipo ngakhale ukhale nawo, amapindana dzuwa likakula moti kuwala kumadutsa. Nsangu ndi mtengo wodabwitsa, chifukwa umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuyoyola m'dzinja, koma m'miyezi yomweyi umagwetsa zipatso zimene njovu zimazikonda kwambiri, ndipo wogona pansi pake akudziitanira alendo a usiku. Woopsa kuposa yonse ndi mvunguti. Mthunzi wake ndi wokopa, koma zipatso zake zolendewera zija zimalemera makilogalamu angapo chimodzi. Ine ndinaphunzira mochedwa, pamene chipatso chimodzi chinagwera pa denga la galimoto yanga pakati pa usiku, ndipo mpaka lero pali malo opindikira m'kati amene amasunga madzi mvula ikagwa. Chikanagwera pa galasi kapena pamutu pa munthu, bwenzi nkhani ili ina.

Posankha mthunziwo musayang'ane pamene uli nthawi imene mwafika, koma pamene udzakhale kuyambira 13 koloko mpaka 16 koloko, pamene kutentha kumafika pachimake. Kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pamutu penipeni m'dera lathu, motero denga ndilo limapsa masana, kenako mbali yoyang'ana kumadzulo. Mtengo ukhale kumadzulo kwa galimoto, ndipo galasi lalikulu la kutsogolo lisayang'ane kolowera dzuwa. Magalasi muwaphimbe kunja, osati m'kati mokha, chifukwa kuwala kukalowa kale pagalasi kutentha kumatsalira m'galimoto. Chophimba chonyezimira chija chogulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ndi chabwino, koma katoni kapena nsalu yoyera imagwiranso ntchito.

Pomaliza, muuzeni mwana wanu apatse galimotoyo denga lachiwiri. Mphasa ziwiri zoyalidwa pa keriyala ya pamwamba, kapena lona womangidwa pamitengo, zimatchinga dzuwa lisanakhudze chitsulo, malinga pakati pake ndi denga patsale mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuti mphepo izidutsa. Lona wogona mwachindunji pachitsulo sathandiza kwenikweni. Mbali ina ya lonayo ikatambasulidwa imakhala khonde lanu lokhalapo masana. Koma za nthawi yoonera nyama, nyamukani pamene chipata cha paki chikutsegulidwa m'ma 6 koloko m'mawa, mubwerere cha m'ma 10 koloko, mudzatulukenso dzuwa litapendeka. Nyama zenizenizo zimachita chimodzimodzi, ndipo masana mungangotentha mafuta pachabe.

FUNSO: Ine ndili ndi kalavani yaing'ono, batire imodzi ya 100 Ah (muyezo wa kukula kwa batire) ndi sola ya mawati 100. Ndikufuna kuikamo air conditioner, makina oziziritsa mpweya, kuti mkazi wanga asamavutike. Kodi batireyo ikwanira usiku wonse? Ngati siikwanira, mnzanga wina akuti ndingogona m'galimoto yokokerayo injini ikulira, makina oziziritsa ali oyatsa. (Wamalonda, Petauke)

YANKHO: Achimwene, tiyeni tiwerengere limodzi. Batire ya mavoti 12 ndi 100 Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200 Wh (12 kuchulukitsa ndi 100), kutanthauza mphamvu yoyendetsa chinthu cha mawati 1,200 kwa ola limodzi. Ngati ndi batire wamba ya asidi, simuyenera kuigwiritsa ntchito kupitirira theka, apo ayi imafa msanga, ndiye kuti muli ndi 600 Wh. Air conditioner ya pa denga la kalavani imadya mawati 1,000 kapena kuposerapo ikamagwira ntchito. Mukagawa muona kuti batire yanu itha pasanathe mphindi 40, ndipo ina mwa mphamvuyo itayikira mu inveta, kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba. Batire ya lithium imalola kugwiritsa ntchito gawo lalikulu la mphamvu yake, komabe imodzi yokha ya 100 Ah ikupatsani ola limodzi basi. Makinawo ndi a malo ogonapo amene ali ndi magetsi olumikiza, ndipo ngakhale kumeneko muyambe mwafunsa eni malo ngati mawaya awo angapirire, osaiwala kuti magetsi amathima.

Fani ya mavoti 12, yodya mawati 10, ikazungulira maola 8 imatenga 80 Wh chabe. Mafani awiri otero batire yanu iwanyamula mosavuta, ndipo sola yanu, imene pa tsiku la dzuwa labwino ingabweze pakati pa 400 ndi 500 Wh, idzadzaza zimene zatha. Chofunika ndi kaikidwe kake. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, choncho fani imodzi iikidwe pa kabowo ka padenga kapena pa zenera lapamwamba, iziutulutsa kunja, ndipo zenera la m'munsi la mbali ya mthunzi litsegulidwe kuti mpweya wozizirirapo uzilowa. Fani yachiwiri ndiyo iziomba ogona. Dzuwa likangolowa tsegulani zitseko zonse, makabati ndi pansi pa bedi, chifukwa matiresi ndi matabwa zimasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku.

Pali vuto limodzi limene ambiri amalizindikira atafika kale. Sola imafuna dzuwa pamene kalavani imafuna mthunzi, ndipo amene anakhomerera sola padenga amakakamizika kusankha chimodzi. Ngati yanu simunaikhomere, isiyeni yonyamulika, muigulire waya wochindikala wa mamita angapo, kuti iyo ikhale padzuwa inu muli pansi pa mtengo.

Malangizo a mnzanuwo akaneni ndithu. Injini ikamalira galimoto itaima, utsi wake umakhala ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umatha kulowa m'kati kudzera m'mabowo a pansi kapena ngati paipi ya utsi yabooka. Ndi mpweya womwe uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa Juni, ndipo munthu wogona sadzidzimuka, amangopitirira. Jenereta nayo ikhale kutali ndi mazenera, kumene mphepo ikupita, ngakhale kuti malo ambiri a m'mbali mwa mtsinje sakondwera ndi phokoso lake usiku. Kuwonjezera apo, paipi ya utsi yotentha ikakhudza udzu wouma wa Okutobala imayatsa moto.

FUNSO: Akonzi, tili ndi ana atatu, wamng'ono ndi wa miyezi inayi. Bambo awo akufuna tonse tipite. Kodi madzi titenge ochuluka bwanji, ndipo ndingadziwe bwanji kuti mwana kutentha kwamupweteka? (Mayi wa ana atatu, Lundazi)

YANKHO: Mayi, ndikanakhala ine, ulendo wa khanda la miyezi inayi ndikanausunthira ku Juni kapena Julayi, pamene kuchigwa masana kumakhala kofunda bwino ndipo usiku kumafuna bulangete. Thupi la mwana limatentha mofulumira kuposa la wamkulu, ndipo khanda silingakuuzeni kuti lavutika. Kuchigwa kulinso malungo chaka chonse. Koma ngati ulendowo sungasinthike, mvetserani izi.

Mwana asatsale m'galimoto yoima ngakhale kwa kanthawi, ngakhale magalasi atatsitsidwa pang'ono. M'galimoto yotseka ili padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi khumi zoyambirira zokha, ndipo ngati kunja kuli kale 38, mutha kuona kumene kukafike. Khanda losakwana miyezi 6 musalipatse madzi. Liyamwitseni pafupipafupi, ndipo inu ndi amene muzimwa kwambiri. Polibereka kumbuyo musaliphimbe kumutu ndi chitenje chouma poganiza kuti mukulitchinjiriza ku dzuwa, chifukwa m'kati mwake mumasanduka ng'anjo.

Za madzi, konzerani wamkulu aliyense malita osachepera 4 akumwa okha pa tsiku, kupatula ophikira ndi osamba, ndipo muwonjezere chigubu cha malita 20 chosakhudzidwa, chodikira tsiku limene galimoto ingafe panjira. Ana musadikire kuti apemphe. Chizindikiro chosavuta ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi, ndipo kwa khanda muziwerenga matewera amene lanyowetsa. Thobwa ndi maheu ndi zabwino ngati zili zatsopano, koma mowa umachotsa madzi m'thupi, ndipo bambo awo a ana adziwe zimenezi. Tengani mapaketi a ORS, obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, ku chipatala kapena ku famase. Akakutherani, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mchere usapitirire muyezo umenewo.

Munthu amene kutentha kwayamba kumugonjetsa amatuluka thukuta lambiri, amalenguka, amamva mutu, chizungulire, mseru ndi kukokana kwa minofu. Ameneyo mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'pukute ndi nsalu yonyowa ndi kum'patsa madzi pang'onopang'ono. Koma akayamba kusokonezeka, kubwebweta, kudzandira, kukomoka kapena kugwidwa ndi zinjenje, thupi lili lotentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Muthireni madzi thupi lonse, mum'kupize mphepo, ndipo muthamangire kuchipatala mukumuziziritsabe panjira. Wokomoka musamumwetse kanthu, ndipo panado sathandiza pa kutentha kwa mtundu umenewu. Mukangofika pamalo ogonapo, funsiranitu njira ya ku chipatala chapafupi, monga cha Kakumbi chomwe chili kufupi ndi chipata cha paki. Ndipo wina akatentha thupi patatha sabata kapena kuposerapo mutabwerako, musanene kuti ndi dzuwa lija, kayezetseni malungo.

FUNSO: Usiku tikatseka mazenera timasowa mpweya, tikatsegula udzudzu umatimaliza. Komanso kodi n'kulakwa kuviika miyendo mumtsinje madzulo? (Wophunzira, Katete)

YANKHO: Mazenera akhale otsegula, koma otchingidwa ndi kaukonde kosokerera bwino m'mbali, kamene telala aliyense wa pamsika angakudulireni molingana ndi zenera. Pabedi pakhalenso neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo fani ikhale m'kati mwa netiyo kapena pafupi kwambiri, chifukwa neti imachepetsa mphepo. Musagone panja pa mkeka monga timachitira pakhomo kukatentha, pakuti malo ambiri ogonapo m'mbali mwa Luangwa alibe mpanda, ndipo mvuu, njovu ndi afisi zimadutsamo usiku. Zipatso monga malalanje ndi mango zisagone m'galimoto yotsegula mazenera, popeza njovu imanunkhiza patali. Masana valani zopepuka za thonje zamtundu wa khaki, osati zakuda kapena zabuluu, zomwe zimaitana akashembe. Za mtsinje, yankho ndi lalifupi: Luangwa ndi wodzaza ndi ng'ona, ndipo madzi akaphwera zimapanikizana m'maiwe otsalawo. Viikani miyendo m'beseni.

FUNSO: Agogo anga ankaziziritsa madzi mumtsuko, ndipo ine ndinatengera nzeruyo. Mu Seputembala ndinkapachika chitenje chonyowa pazenera la vani yanga ku Nyimba, ndipo ndinkagona bwino. Ndinayesanso mu Disembala, koma sichinathandize, m'malo mwake zofunda zinangonyowa. Ndinalakwitsa pati? Ndiuzeninso kasungidwe ka ndiwo. (Woyendetsa alendo, Nyimba)

YANKHO: Simunalakwitse, bambo, nyengo ndiyo inasintha. Mtsuko umaziziritsa chifukwa dongo lake lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amatuluka pang'onopang'ono n'kuuma, ndipo madzi akamasanduka nthunzi amachoka ndi kutentha. Lita imodzi youma motero imachotsa kutentha kochuluka kuposa kasanu ndi kawiri kumene kumafunika kuti lita yomweyo ichoke pa madigiri 25 kufika powira. Thukuta lathu limagwira ntchito mwa njira yomweyo. Koma zonsezi zimadalira kuuma kwa mpweya. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umakhala wouma kwambiri, motero chitenje chimauma msanga n'kuziziritsa mphepo yodutsapo. Mvula ikayamba mu Novembala, mpweya umakhala utakhuta kale chinyezi, chitenje sichiuma, ndipo inu mumangowonjezera chinyontho m'vani. M'dzinja dalirani mphepo yokha: mazenera a mbali zonse ziwiri, fani, ndi lona wotchinga mvula kuti musakakamizike kutseka.

M'chilimwe nzeru ya agogo anu muigwiritse ntchito mokwanira. Kudzifunda chitenje chonyowa pang'ono fani ikuomba kumagonetsa tulo ngakhale usiku woipa, ndipo botolo la madzi lokulungidwa m'sokosi yonyowa n'kupachikidwa pamphepo limazizira ngati la mumtsuko. Dziwaninso kuti mpweya ukatentha kufika madigiri 40, fani yokha pakhungu louma imakuwambani m'malo mokuziziritsani, ndiye yambani mwanyowetsa khungu.

Kuphika kuchitike panja, m'mawa kwambiri kapena madzulo, chifukwa poto mmodzi wa nsima wophikidwa m'vani amasiya kutentha ndi nthunzi zimene zidzakupezani pogona. Botolo la gasi likhale pamthunzi, loimirira. Ngati muli ndi cooler box, musagule madzi oundana a tizidutswa, koma muumitse mabotolo a malita 2 mufiliji masiku awiri musananyamuke. Amachedwa kusungunuka, ndipo akasungunuka mumamwa madzi ake. Bokosilo mulifunditse thumba lonyowa, likhale pamthunzi, ndipo zakumwa zikhale m'bokosi lina kuti la nyama lisamatsegulidwe pafupipafupi. Filiji ya mavoti 12 ndi yabwino ngati batire ilipo yokwanira, koma muisiyire mpata wopumira kumbali kuli injini yake, osaipanikiza ndi zikwama. Nyama yaiwisi idyedwe tsiku loyamba kapena lachiwiri. Masiku otsalawo ndi a kapenta, nsomba zouma, nyemba, soya ndi mfutso wotendera, ndipo tomato, anyezi ndi repu mungagule zatsopano kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Mfuwe, tsiku limene mukuzifuna.